Achemwali a ku Mufakose, yambirani pa chitsime cha kwanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito kuno. Wandilola kuti ndimuyankhe poyera, dzina lokha ndibise. Akuti anamaliza digiri ya civil engineering, wagwira ntchito zaka ziwiri pa kampani yomanga nyumba, ndipo tsopano mtima wake uli pa masitazi. Mutu wa kafukufuku anasankha kale: "Kuthetsa vuto la madzi mu Harare." Koma anzake akumuuza kuti kuno kulibe zipangizo, ndi bwino adikire sikolashipu ya kunja. Funso lake ndi lakuti, ndiyambe kuno kapena ndidikire?

Achemwali, yambani kuno. Makalata a sikolashipu tumizani ndithu, palibe choletsa, koma musakhale manja lende kudikira yankho lawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si zipangizo ayi, koma mutu mwasankhawo. Ndi waukulu kwambiri, sungasenzeke ndi munthu mmodzi m'miyezi yochepa imene amapereka yochitira kafukufuku.

Taonani mmene vutoli lakhalira. Damu la Chivero linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo lili kumunsi kwa mzinda. Ku Lilongwe madamu a Kamuzu ali ku Malingunde, kumtunda, madzi amafika mu mzinda asanadutse m'makwalala ake. Kuno zinatembenuka. Zonse zimene Harare wataya zimatsetsereka ndi Mukuvisi ndi Marimba n'kukathera mu Chivero, kenako malo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray amapopa madzi omwewo, kuwayeretsa, n'kutibwezera m'mipope. Malo oyeretsera suweji a Firle amathira mu Mukuvisi, a Crowborough amathira mu Marimba, ndipo inu a ku Mufakose simufunika kuuzidwa kumene Crowborough ili. Anthu anachuluka kuposa amene malowa anamangidwira. Nayitirojeni ndi fosiforasi za m'suweji zikafika m'damu zimakhala ngati feteleza: namasupuni yemwe uja amavutitsa pa Shire amayala ngati mphasa, ndere zimabiriwira. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku paki ya Chivero zitamwa madzi a poizoni wa ndere zoterezi.

Kumtunda kuno nako, mipope ikakhala masiku popanda madzi, mapaipi okalamba amayamwa zonyansa kudzera m'ming'alu. Anthu atatopa anakumba zitsime kuseri kwa nyumba, mabungwe anakumba mijigo. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro, dera lina la mu Harare, anali pakati penipeni pa mliriwo. Mu Seputembala 2018 inabweranso, ku Glen View ndi ku Budiriro komweko, ndipo mijigo ina imene anthu ankaidalira inapezeka kuti yalowa zonyansa.

M'ndime ziwiri zokhazi muli mamasitazi makumimakumi. Wina angafunse kuti kolorini amene wathiridwa ku Morton Jaffray amafika wochuluka bwanji pa mpope wa kumapeto kwa paipi. Wina angayeze mmene dambo la Monavale, limene lili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse kuyambira 2013, limasefera madzi poyerekeza ndi dambo limene anamangapo nyumba. Wina angalondole madzi akuda otuluka pa mtaya wa zinyalala wa Pomona. Koma mukadandifunsa ine, ndikadati funso lanu lili pakhomo: kodi zitsime za m'chigawo chimodzi cha kwanuko zimasintha bwanji mvula ikayamba, nanga zimene zili pafupi ndi paipi ya suweji yophulika zimasiyana bwanji ndi zakutali? Funso lotere limaoneka laling'ono, mwina mungachite nalo manyazi pamaso pa anzanu. Musatero. Limayankhika, ndipo yankho lake lingapulumutse mwana wa munthu.

Ndikuuzeni mmene tsiku la ntchito yotereyi limakhalira, chifukwa m'kalasi sanena. Nthawi imene ndinkachita kafukufuku wanga, ndinkadzuka kusanache, mabotolo owiritsidwa kale ali mu cooler box pamodzi ndi ayezi, lililonse lolembedwa nambala. Pa chitsime sufikira kutunga. Umayamba wapereka moni, kufotokoza kuti ndiwe yani, kumva za mwana amene anatsegula m'mimba sabata yatha. Kenako umavundukula lata kapena chitseko cha galimoto chakale chimene avindikirira, kutsitsa botolo osakhudza kukamwa kwake, kulemba nthawi, kuyeza ndi tepi mtunda wokafika pa chimbudzi. Mabuku ambiri amati pakhale mamita 30, koma pa mapuloti ang'onoang'ono a m'makomboni athu mamita 30 akufikitsa kwa neba wachitatu. Madzi oyeza tizilombo sachedwetsa, amafunika afike ku labotale pasanathe maola 6, ndiye umakhala mu kombi bokosi lili pamiyendo, maso pa wotchi.

Ku labotale umasefa mamililita 100 pa kapepala kosefera, kukaika m'kambale, n'kulowetsa mu incubator, bokosi lofunditsa kuti tizilombo tikule, pa madigiri 44 usiku wonse. M'mawa umawerenga timadontho tachikasu, timene ndi magulu a tizilombo tamera pa kapepalako. Muyezo wa WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, ndi wakuti m'madzi akumwa musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi pa mamililita 100. Madzi ena amene ndinatunga anali oyera mbee, ozizira bwino, oti ungamwe osakayika, koma kapepala kake kanadzaza timadontho mpaka kulephera kuwerenga. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Anzanuwo sakunama pa za zipangizo. Ine usiku wina magetsi anathima, jenereta sinalizidwe, incubator inazizira, ndipo ntchito ya zitsime khumi ndi ziwiri inapita pachabe. Ndinalira, sindibisa. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti inali mvula yoyamba ya chaka, ndipo mvula yoyamba sibwera kawiri. Ndiye musanalembe proposal, pitani nokha ku labotale imene mudzagwiritse ntchito. Funsani amene amagwira ntchito m'menemo, osati a mu ofesi okha, kuti ndi makina ati akuyenda, mankhwala oyezera alipo kapena mudzagula nokha, magetsi akathima usiku chimachitika n'chiyani. Funso lanu lilingane ndi zimene mwaonazo. Ngati makina oyezera mtovu ndi zitsulo zina palibe, musalonjeze zoyeza zitsulo. Safunsa anadya phula.

Kalendala nayo muiyang'anitsitse. Mvula kuno imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi. Kafukufuku wa zitsime amene watengedwa m'chilimwe chokha wanena theka la nkhani, chifukwa zonyansa zimayenda ndi madzi a mvula. Konzani kuti mutunge mu Seputembala kapena Okutobala nthaka ili gwa, mudzatungenso zitsime zomwezo mvula itakhazikika. Ophunzira ambiri amachedwa ndi makalata a chilolezo, n'kupeza kuti dzinja lawadutsa. Makalata opita ku khonsolo ya mzinda, ku bungwe loona za chilengedwe la EMA kapena ku bungwe loona za madzi la ZINWA, ngati mudzafune ziwerengero zawo, alembeni msanga, ndipo kakomiti koona za chilolezo cha kafukufuku wokhudza anthu musakaiwale.

Za kophunzira sindichulukitsa. University of Zimbabwe ku Mount Pleasant yakhala ikuphunzitsa masitazi a Integrated Water Resources Management mogwirizana ndi WaterNet, bungwe lolumikiza sukulu za ukachenjede za kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo m'kalasi zake mumakumana anthu a m'mayiko ambiri, a ku Malawi omwe. Kafunseni mmene zilili chaka chino, pamodzi ndi za thandizo la fizi. Chachikulu ndi supervisor. Dzina lotchuka lisakukopeni. Pezani ophunzira ake akale awiri kapena atatu, muwafunse mwakachetechete kuti chaputala chikapita kwa iye chimabwera patapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anapondako ku malo awo a kafukufuku. Werenganinso zimene ena analemba kale, chifukwa za Chivero ndi za zitsime za Epworth, dera loyandikana ndi Harare, zalembedwa zambiri. Ntchito yanu iyambire pamene iwo analekezera.

Ndipo ngati mtima wa kunja ulipobe, dziwani kuti munthu amene ali ndi ziwerengero zake, zotunga ndi manja ake, zoyezedwa mosamala nyengo ziwiri, amakagogoda pa chitseko cha PhD ali ndi kanthu m'manja.

Chimene ndikufuna muchisunge kwambiri ndinachiphunzira kwa mayi wina wachikulire. Atamva ndikuyankha foni m'Chichewa anasiya Chishona n'kundiuza kuti kwawo n'ku Ntcheu. Anandipatsa mpando, ndinatunga madzi, ndipo potsazikana anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, ena anabweranso ndi mabotolo ngati akowa, sitinawaonenso. Iwe udzabwera kudzatiuza?" Chitsime chawo chinali chimodzi mwa zoipitsitsa. Ndinabwerera patapita masiku atatu, tinakhala pakhonde, ndinawaonetsa chithunzi cha kapepala kaja pa foni, tinakambirana zowiritsa madzi, zothira mankhwala, zomanga kakhoma ndi chivundikiro kuti madzi a mvula asamalowe, ndi zosiya kuika ndowa yotungira pansi. Mu bajeti yanu ikanimo ndalama ya ulendo wobwererawo, ndipo zotsatira zoopsa musadikire nazo tsiku lomaliza maphunziro. Auzeni eni chitsime ndi a zaumoyo a m'deralo sabata yomweyo. Inu muli ndi mwayi umene ofufuza ambiri alibe: mumalankhula Chishona, mumalankhula Chichewa, ndipo amayi a pa mjigo amakudziwani kuti ndinu mwana wa kwa uje.

Loweruka likubwerali tengani kope ndi pensulo, muyende misewu itatu yoyandikana ndi kwanu. Lembani chitsime chilichonse, mjigo uliwonse, pamene suweji imaphulika kawirikawiri, ndi masiku amene mpope unatulutsa madzi mwezi uno. Mukamaliza munditumizire chithunzi cha tsambalo, tidzaone limodzi funso limene lili m'menemo.