Josh Allen yekha sangakufikitseni ku Super Bowl

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amawerenga nkhani zanga kuno. Iye ndi sapota wa Buffalo Bills, ndipo akuti amadzuka pakati pa usiku anzake ali mtulo kuti aonere masewero a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America (American football), poti ku America akamayamba madzulo, kuno kumakhala kutatsala pang'ono kuti tambala woyamba alire. Funso lake ndi ili: "Tili ndi Josh Allen, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2024, koma chaka ndi chaka timathera panjira. Kodi timu imafunika chiyani kuti ifike ku Super Bowl? Nanga bwanji eni timu osangogula akatswiri ngati mmene amachitira a Manchester City kapena Real Madrid?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Kwa amene simukudziwa, Super Bowl ndi masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa gwero la nkhani yonse lili pamenepo.

Mu NFL thumba lalikulu siligula chikho. Kuyambira 1994 pali lamulo la salary cap, lomwe limaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pachaka. Mu 2024 malirewo anali madola 255.4 miliyoni, mu 2025 anakwera kufika pa 279.2 miliyoni, ndipo lamuloli limagwira matimu onse 32 mofanana. Ndalama imeneyi igawidwe kwa osewera 53. Mukapatsa munthu mmodzi nthuli yaikulu, dziwani kuti wina mwamuchepetsera m'mbale. Kuonjezera apo, pa draft, pamene matimu amasankha anyamata ochokera m'makoleji, timu imene yachita moipa kwambiri ndiyo imayamba kusankha. Ligi yonse inakonzedwa kuti wamkulu azikokedwa pansi, wamng'ono azikankhidwa m'mwamba. Taonani Dallas Cowboys, timu yolemera kuposa onse. Inatenga chikho komaliza mu Januwale 1996, ndipo chuma chonsecho sichinaibwezeretse ku Super Bowl.

Njira yake nayonso ndi yopapatiza. Timu imasewera masewero 17 okha m'ligi. Mwa matimu 16 a chigawo chanu cha AFC, asanu ndi awiri ndiwo amalowa mu ndime yachipulula, ndipo mmodzi yekha, amene wathera pamwamba, ndiye amapuma sabata yoyamba n'kusewera masewero otsatirawo pakhomo. Kulibe zoti tikabwezera pobwereza. Mukagonja kamodzi, nyamulani zikwama. Inu a Buffalo mukuidziwa bwino nkhaniyi. Pakati pa Januwale 2021 ndi Januwale 2025, Kansas City Chiefs inakutulutsani kanayi, ndipo katatu mwa maulendo amenewo munali koyenda, pa bwalo la Arrowhead. Chopweteka n'chakuti m'masewero a ligi munkawagonjetsa anthu omwewa, mu 2021, 2022, 2023 ndi 2024. Masewero amodzi kapena awiri amene timu imataya mosasamala mu Okutobala ndi amene amaipangitsa kukwera ndege mu Januwale.

Tsopano za quarterback, wosewera amene amatsogolera timu poukira n'kumaponyera anzake mpira. Sindikunamizani, popanda iyeyu ulendo ndi wovuta. Mpira umadutsa m'manja mwake nthawi iliyonse timu ikamaukira, ndipo n'chifukwa chake Tom Brady ali ndi zikho 7, Patrick Mahomes wa Chiefs anatenga zitatu asanakwanitse zaka 30. Pamenepa inu mulibe vuto poti muli ndi Allen, ndipo matimu ambiri amakusirirani. Koma kumbukirani Dan Marino wa Miami Dolphins, munthu amene ankaponya mpira moti anthu ankangogwira pakamwa. Anafika ku Super Bowl kamodzi kokha, mu Januwale 1985, anagonja 38-16 kwa San Francisco 49ers, ndipo mpaka kupuma kwake sanapondekonso.

Ine chimene ndimayang'ana poyamba ndikafuna kudziwa ngati timu ifike patali ndi zimphona za pamzere, anthu amene kamera siiwatsata. Kutsogolo kwa quarterback kumaima amuna asanu, ambiri olemera makilogalamu oposa 135, amene ntchito yawo ndi kumutchinga kwa masekondi awiri kapena atatu kuti aone woti amuponyere. Mbali inayo kuli anzawo amene akufuna kuswa mpandawo n'kumugwetsa mpira uli m'manja. Mphika ungakhale wabwino chotani, umakhazikika chifukwa cha mafuwa.

Umboni wake tiutenge kwa Mahomes yemweyo amene amakusowetsani tulo. Mu Febuluwale 2021 anapita ku Super Bowl opanda omutchinga ake awiri a m'mbali, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, amene onse anali ovulala. Usiku wonse anangokhalira kuthawa chobwerera m'mbuyo, ndipo Tampa Bay Buccaneers inapambana 31-9. Chiefs sinapeze touchdown, kutanthauza kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani, ngakhale imodzi. Patatha zaka zinayi, mu Febuluwale 2025 ku New Orleans, Philadelphia Eagles inamugwetsa kasanu ndi kamodzi n'kupambana 40-22. Mahomes anali yemweyo, nzeru zomwezo, mkono womwewo. Chinasintha ndi mpanda. Joe Burrow, quarterback wa Cincinnati Bengals, naye anagwetsedwa kasanu ndi kawiri mu Super Bowl ya 2022, ndipo pa mpata wake womaliza Aaron Donald wa Los Angeles Rams anamukumbatira asanaponye bwino. Anagonja 23-20.

Pano pali kamasamu kamene ndikufuna mukamvetse, chifukwa mukakamvetsa mudzaonera mpirawu ndi maso ena. Timu yoteteza ili ndi anthu 11 m'bwalo, ndipo timu youkira ili ndi anthu asanu amene quarterback angawaponyere mpira. Ngati anthu anayi okha akutha kuswa mpanda n'kufika kwa quarterback, asanu ndi awiri amatsala kumbuyo kulondera asanuwo, ndipo mipata imatsekeka. Koma ngati anayiwo akulephera, mphunzitsi amakakamizika kutumiza wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, zomwe amati blitz. Pamenepo kumbuyo kwatsala anthu ochepa, ndipo quarterback wochenjera ngati Mahomes kapena Brady amangoona pamene pachoka munthu n'kuponya pomwepo. Eagles mu 2025 sinafunike blitz, anayi a kutsogolo anakwanira. New York Giants inachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2008. New England Patriots inafika tsikulo itapambana masewero onse 18 a nyengo imeneyo, pomwe Giants inali itagonja kasanu ndi kamodzi m'ligi. Michael Strahan, Justin Tuck ndi Osi Umenyiora, mwana wa makolo a ku Nigeria, ndi anzawo anamugwetsa Brady kasanu, ndipo anapambana 17-14.

Akuluakulu a Buffalo ankazidziwa izi. N'chifukwa chake mu 2022 anatenga Von Miller, katswiri wogwetsa ma quarterback amene anali atangotenga chikho ndi Rams, pa mgwirizano wa zaka 6 wa madola 120 miliyoni. Ganizo linali labwino. Koma munthuyo anali ndi zaka 33, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anavulala bondo. Ndalama zinapitirira kudya malo mu salary cap pomwe mphamvu zake zinali zitachepa. Apa ndi pamene ndimati kugula katswiri wokhwima kale ndi njuga, ndipo timu imene quarterback wake akulandira ndalama zambiri ilibe mpata woluza njuga zotere kawiri.

Njira yodalirika ndi draft. Mnyamata wongosankhidwa kumene amalandira ndalama zochepa kwa zaka zitatu kapena zinayi, kaya asewere bwino chotani. Seattle Seahawks inatenga chikho mu Febuluwale 2014, pokwapula Denver Broncos 43-8, quarterback wawo Russell Wilson akulandirabe malipiro a mwana wa gawo lachitatu la draft, ndipo ndalama zotsalazo zinapita kwa ena. Chiefs inachita chinthu chimene masapota ake anadandaula nacho kwambiri: mu Malichi 2022 inatumiza Tyreek Hill, wothamanga ngati mphepo uja, ku Miami m'malo momupatsa ndalama zimene ankafuna. Chaka chimenecho inasankha anyamata monga Trent McDuffie, George Karlaftis ndi Isiah Pacheco (Pachecoyu anatengedwa mu gawo lomaliza lenilenilo), ndipo inatenga zikho ziwiri motsatizana. Eagles inatola Jordan Mailata mu 2018, mnyamata wa ku Australia amene ankasewera rugby ndipo anali asanasewerepo mpira wa ku America. Mphunzitsi Jeff Stoutland anamuumba pang'onopang'ono mpaka kukhala mmodzi mwa otchinga odalirika mu ligi yonse. Ntchito yotereyi imachitika mu Epulo ndi m'miyezi ya dzuwa, ife tisakuonera.

Kenaka pali kuvulala, ndipo apa mtima wanga umawawa chifukwa palibe amene angakuletse. Detroit Lions inapambana masewero 15 mwa 17 mu 2024, koma oteteza ake ambiri anali kuchipatala, kuphatikizapo Aidan Hutchinson amene anathyoka mwendo mu Okutobala. Masewero oyamba achipulula inagonja pakhomo 45-31 kwa Washington. San Francisco mu Januwale 2023 inataya quarterback wake Brock Purdy amene anavulala chigongono, wolowa m'malo mwake nayenso anavulala m'mutu, ndipo inagonja 31-7 itasowa woponya mpira. Koma Eagles ya 2017 itataya quarterback wake Carson Wentz mu Disembala, inali ndi Nick Foles pa benchi, ndipo iyeyu anakagonjetsa Brady 41-33. Wosewera wa nambala 40 kapena 50 pa mndandanda, amene dzina lake simulidziwa lero, tsiku lina mu Januwale adzafunika.

Chotsala ndi timphindi tija timene timasiyanitsa matimu ofanana mphamvu, ndipo pepani kuti ndikhudza pachilonda. Mu Januwale 2022, polimbana ndi Chiefs, Allen anasewera masewero amene ine ndimawaona ngati abwino koposa m'moyo wake. Anamuponyera Gabriel Davis ma touchdown anayi, ndipo Buffalo inatsogola 36-33 kutatsala masekondi 13. Oteteza anu anabwerera m'mbuyo kwambiri poopa mpira wautali, Mahomes anaponya kawiri, kwa Hill ndi kwa Travis Kelce, ndipo Harrison Butker anamenya mpira ndi mwendo kugolo pa mtunda wa mayadi 49 n'kufananitsa. Mu nthawi yoonjezera Chiefs inayamba ndi mpira n'kumaliza nkhani, Allen osaukhudzanso. Zinawakhudza anthu mpaka lamulo linasinthidwa kuti mu ndime yachipulula matimu onse awiri azipatsidwa mpata. Mu Januwale 2024 Tyler Bass anaphonya mpira wa mayadi 44 umene ukanafananitsa, ndipo munagonja 27-24 pakhomo. Akale amakumbukanso Scott Norwood mu Januwale 1991, mayadi 47, kugonja 20-19, chiyambi cha ma Super Bowl anayi otsatizana amene Buffalo inafika koma osatenga chikho. Ena amati ndi tsoka chabe. Kuphonya kwa womenya mpira ndingavomere kuti mwina ndi tsoka, koma masekondi 13 aja ayi. Zimenezo ndi zimene aphunzitsi amayenera kukonzekera sabata yonse, kuti nthawi ikafika aliyense adziwe poima.

Ndiye mukandifunsa za timu yanu, achimwene, ndinena kuti chinthu chovuta kupeza muli nacho kale, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti Allen ndiye vuto. Cleveland, Detroit, Jacksonville ndi Houston sanalaweko Super Bowl chiyambire, ndipo ena mwa iwo akhala zaka makumi akufunafuna munthu ngati iyeyu. Draft ikubwerayi musatengeke ndi dzina la wolandira mpira wothamanga. Muone ngati atenge mnyamata wamkulu thupi amene angathe kuswa mpanda payekha, ndipo nyengo ikayamba muziwerenga kuti pa mpata wachitatu mwa inayi imene timu youkira imapatsidwa kuti isunthe mayadi 10, Buffalo ikutumiza anthu angati kukagwira quarterback. Mukaona kuti anayi akukwanira sabata ndi sabata, ndipo afika Disembala ali bwinobwino, mundilemberenso.