Tifunseni za Nyimbo: Zimbale zakale zikutulukanso, tigule kapena ayi?

FUNSO: A Mkonzi, ine reggae wa kale ndimamukonda koma chikundidabwitsa n'chakuti zimbale zomwe tinkamvera kalekale zikumatulukanso ati zakonzedwanso, mtengo wake wokwera pamene nyimbo ndi zomwe zija. Sikutidyera ndalama kumeneku?

YANKHO: Achimwene, pena n'kutidyera ndithu, sindingakunamizeni. Alipo makampani ongotenga chimbale chakale chokalikakalika, kukweza voliyumu mpaka besi kusowa popumira, kusintha chikuto basi n'kumati chatsopano. Koma zina ndiye ayi, zinapulumutsa nyimbo zomwe zikanangotayika. Tengani Heart of the Congos, chija gulu la The Congos linajambula kwa Lee "Scratch" Perry ku situdiyo ya Black Ark ku Kingston mu 1977. Kampani ya Island sinachitulutse, ndiye chinangotuluka pang'onopang'ono, ambiri ankangomva mbiri yake osachigwira m'manja, situdiyo yakenso pambuyo pake inapsa. Mu 1996 a Blood and Fire a ku Manchester anachitulutsanso atakonza mawu ndi kuwonjezera nyimbo zina, ndipo mukavala mahedifoni mumamva chilichonse pamalo pake, kamawu kosongoka ka Cedric Myton pamwamba, mawu aakulu a Watty Burnett pansi penipeni, n'zina zolira ngati ng'ombe zomwe Perry ankaponyamo pakati pa ng'oma. Chimenecho ndalama yanu sinapite pachabe. Musanagule yang'anani ngati alemba kuti mawu achokera pa tepi yoyambirira ya ku situdiyo, komanso ngati muli kabuku kotchula oyimba ndi chaka. Ogwira ntchito yabwino sabisa zimenezi, amachita kunyadira.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine nkhawa yanga ndi eni nyimbo. Azungu akamabwera kudzafukula nyimbo za mu Africa muno n'kukagulitsa kunja, agogo omwe anayimbawo amapezapo kanthu?

YANKHO: Amayi, funso lanuli ndi limene ine limandigwira mtima kuposa onse. Si onse amapeza, ndipo n'zowawa, chifukwa oyimba ambiri a m'ma 1970 ankalipidwa kamodzi tsiku lojambula basi, umwini wa nyimbo n'kutsala ndi kampani, ndiye chimbale chikatulukanso lero ndalama imatha kudutsa pamwamba pawo osawakhudza. Palinso zimbale zakuba zotuluka popanda chilolezo cha wina aliyense, zimenezo musagule ngakhale zitchipe bwanji.

Koma zikachitika mwachilungamo zimadzutsa anthu. Ku Zambia kunali bandi ya WITCH, akatswiri a Zamrock (rock ya ku Zambia) m'ma 1970, chuma chitagwa ndi mtengo wa kopa zonse zinazilala, woyimba wawo Jagari Chanda n'kukathera kokumba miyala yamtengo wapatali. A Now-Again a ku America atatulutsanso zimbale zawo mu 2012, achinyamata akunja anapenga nazo, bambo aja anabwereranso pa siteji ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Orchestra Baobab ya ku Senegal chimodzimodzi, inali itatha chifukwa anthu anatembenukira ku mbalax, mtundu wina wa nyimbo zovina za komweko, koma Pirates Choice chomwe anajambula mu 1982 chitatulukanso mu 2001 anasonkhananso n'kujambula Specialist in All Styles mu 2002, Youssou N'Dour yemwe uja akuthandiza nawo. Ndiye mukuona, chimbale chakale chimatha kubereka chatsopano, ndipo apa m'pamene woyimba amadyapo bwino chifukwa ma show amabweranso. Kampani ya Analog Africa ya Samy Ben Redjeb nayo inayamba ndi zimbale za ku Zimbabwe, The Green Arrows kenako Hallelujah Chicken Run Band momwe munali Thomas Mapfumo akadali mnyamata, ndipo timabuku take timakhala ndi zithunzi ndi nkhani zochokera pakamwa pa oyimba eni ake, chizindikiro choti munthu anapitadi kukagogoda pakhomo pawo.

FUNSO: Ndinamva nyimbo ya ku Cuba ndinkangoti ndi rumba ya ku Congo. Ndani anakopera mnzake? Ndipo ndiyambire pati kumvera?

YANKHO: Palibe wakuba apa, ndi nyimbo yomwe inapita n'kubwerera. Ng'oma zinawoloka nyanja ndi akapolo, ambiri a iwo ochokera dera la Kongo, zinakasakanikirana ndi magitala a anthu a ku Spain, kenako kuyambira m'ma 1930 kampani ya HMV inayamba kugulitsa mu Africa zimbale za ku Cuba zija ankaziti GV, anthu a ku Léopoldville (Kinshasa ya lero) ndi Brazzaville atazimva anangozindikira kuti izi ndi zathu, n'kuyamba kuziyimba mwa iwo okha mpaka kudzafika kwa akatswiri a rumba ya ku Congo, Grand Kallé ndi Franco. N'chifukwa chake Celia Cruz ndi Fania All-Stars atayimba ku Kinshasa mu 1974 anthu sanachite kuphunzitsidwa kavinidwe.

Poyambira, pezani Siembra cha Willie Colón ndi Rubén Blades cha 1978, zimbale za Fania akuzitulutsanso bwino ndithu chigulireni kampaniyi a Concord mu 2018. Buena Vista Social Club chinajambulidwa ku Havana mu 1996 ndipo mu 2021 chinatulukanso ndi nyimbo zomwe zinatsala pa tepi. Ambiri sadziwa kuti pulani yake inali yoti oyimba a ku Mali akajambule limodzi ndi a ku Cuba koma mapepala a ulendo anavuta, sanafike. Zinadzatheka mu 2010 pa chimbale cha AfroCubism, kora (choyimbira cha zingwe) ya Toumani Diabaté wa ku Mali kuyankhana ndi gitala ya Eliades Ochoa. Ine chimenechi ndimachikonda kuposa choyamba chija, ena atsutsa koma ndi mmene khutu langa limamvera.

FUNSO: Ku Caribbean kuli reggae yekha? Ndipo kuti ndimve kukoma mpaka ndigule galamafoni?

YANKHO: Ayi ndithu, kuli calypso ya ku Trinidad, kompa ya ku Haiti, zouk ya bandi ya Kassav'. Yesani London Is the Place for Me chomwe a Honest Jon's anatulutsa mu 2002, muli Lord Kitchener ndi anzake omwe ankajambula ku London m'ma 1950, ndipo pa zatsopanoko Far From Home cha Calypso Rose cha 2016 chomwe anapanga ndi Manu Chao. Za galamafoni musadzivutitse nazo ngati thumba silikulola, zambiri mwa izi zili pa intaneti movomerezeka, ingopezani mahedifoni otulutsa besi bwino, makamaka pa dub, reggae wotsamira pa besi ndi ng'oma, chifukwa kasipika ka foni kamadya theka la nyimbo.