Kwa achemwali amene mizere yawachulukira atalumikiza matebulo mu R

Achemwali, ndawerenga funso lanu kawiri, ndipo ndaona kuti ena akuuzani kale kuti muchotse R, pulogalamu yosanthulira data ija, n'kuyikanso yatsopano. Musataye bandulo yanu ndi zimenezo, R yanu ili bwinobwino. Kwa amene sanaone funsolo, achemwaliwa ali ndi mafayilo awiri a kafukufuku wa chimanga amene anachita ku Dowa, Ntchisi ndi Nkhotakota. Yoyamba ili ndi mabanja 600, banja lililonse pa mzere wake. Yachiwiri ndi ya minda ya mabanja omwewo. Atawalumikiza ndi merge(), lamulo la R lolumikizira matebulo, mizere yadutsa 1,000, mabanja ena asowa, avereji ya matumba ikutuluka NA (chizindikiro choti nambala sikudziwika), ndipo Nkhotakota ikuoneka katatu pa tebulo la maboma.

Mavuto anayi onsewa muzu wake ndi umodzi. R imachita ndendende zimene mwaiuza, ndipo nthawi zambiri imangokhala chete ngakhale zimene mwaiuzazo zikuwononga data frame yanu, ndiye kuti tebulo lanu la data mu R. Uthenga wofiira wonena kuti khodi yalakwika uja timauopa, koma umatithandiza chifukwa umatiimitsa. Choopsa n'choti khodi iyende osadandaula pomwe mabanja 40 agwera panjira. Munthu wotumiza chimanga pa lole amawerenga matumba pokweza, n'kukawerenganso potsitsa. Inunso teroni. Lembani nrow(mabanja), imene imawerenga mizere ya tebulo la mabanja, musanalumikize, musanasefe, musanachite chilichonse, ndipo mukamaliza mulembenso. Nambala ikasintha mosayembekezera, imani pomwepo.

Tiyambe ndi mizere yochulukayo. Banja la minda itatu lili ndi mizere itatu mu fayilo ya minda. Ndiye merge() ikapeza nambala ya banjalo kamodzi uku, katatu uko, imakopera mzere wa banjalo katatu. Palibe chimene yalakwa. Koma kuyambira pamenepo, avereji ya chilichonse chokhudza banja, kaya ndi anthu a pakhomo kaya zaka za mutu wa banja, ipendekera kwa a minda yambiri, chifukwa iwo awerengedwa katatu pomwe mayi wa kamunda kamodzi wawerengedwa kamodzi. Zimaipiraipira ngati banja lina linalowa kawiri mu fayilo ya mabanja, monga zimachitikira wofunsa mafunso akatumiza fomu kawiri netiweki ikamavuta kumudzi. Mizere iwiri uku, itatu uko, imabala 6. Choncho yambani ndi ichi, chimene chimawerenga nambala za mabanja zobwerezedwa:

sum(duplicated(mabanja$hhid))

Ndalemba hhid poganiza kuti ndi dzina la kolamu ya nambala ya banja, inu muikepo lanu. Yankho liyenera kukhala 0. Likakhala lina, muone mabanjawo ndi maso anu kaye. Osathamangira kuwachotsa ndi distinct(), chifukwa nthawi zina si banja limodzi lolowa kawiri koma mabanja awiri osiyana amene anapatsidwa nambala imodzi molakwitsa.

Kenako mudzifunse kuti, pa tebulo limene mukufuna kumapeto, mzere umodzi uimire chiyani? Ngati ndi banja, minda iyenera kuphatikizidwa kaye kuti banja lililonse likhale ndi mzere umodzi, kulumikiza kubwere pambuyo:

library(dplyr)

pa_banja <- minda |> group_by(hhid) |> summarise(matumba_onse = sum(matumba), minda_ingati = n())

zonse <- left_join(mabanja, pa_banja, by = "hhid", relationship = "one-to-one")

stopifnot(nrow(zonse) == 600)

Kachizindikiro ka |> kanabwera ndi R 4.1.0 mu 2021, ndiye ngati yanu ndi yakale gwiritsani %>%. Mawu a relationship analowa mu dplyr, pakeji yowonjezera ya R yokonzera matebulo, mu 2023, ndipo ine ndimawakonda kwambiri. Mukalemba "one-to-one" ndiye kuti mwaiuza R kuti, ukapeza banja likubwerezedwa, ima undiuze. Amene tinayambira pa Stata, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, tinazolowera kuti merge 1:1 imakana nambala zikabwerezedwa, komanso imaonetsa kuti zogwirizana ndi zingati, zotsala ndi zingati. Mu R chitetezo chimenecho mumachita kudziikira nokha.

Tsopano mabanja osowa aja. merge() mukangoisiya mmene ilili imasunga okhawo amene akupezeka mbali zonse ziwiri. Banja lopanda munda, kapena limene fomu yake ya minda sinalowe, limatayidwa mwakachetechete. Mukaika all.x = TRUE onse a m'tebulo loyamba, la mabanja lija, amasungidwa, ndipo left_join() imachita chimodzimodzi. Koma musangowabweza n'kupitirira. Aoneni kaye kuti ndi ati:

anti_join(mabanja, minda, by = "hhid")

Pano ndikukayikira chinthu china, ndipo ndikanakhala pafupi nanu ndikanayamba kuona chimenechi. Mwanena kuti fayilo imodzi munaitsegulapo mu Excel. Ngati nambala za mabanja zimayamba ndi ziro, monga 00412, Excel imadya maziro aja n'kusiya 412, ndipo read.csv() imachitanso zomwezo. Fayilo ina ikasunga 00412 ngati mawu, inayi n'kukhala ndi 412 ngati nambala, merge() sidandaula, imangoona kuti sizikufanana n'kutaya banjalo. Apa dplyr imachitako bwino, imakana kulumikiza mawu ndi nambala. Njira yake ndi kuiuza R powerenga fayilo kuti kolamuyo ndi mawu:

read.csv("mabanja.csv", colClasses = c(hhid = "character"))

Ngati maziro anadyedwa kale mu fayilo yeniyeniyo, sprintf("%05d", hhid) iwabwezeretsa, bola nambala zonse zikhale za madijiti asanu. Nambala ya banja, ya mudzi, ya foni yoyamba ndi 088 kapena 099, zonsezi ndi mayina olembedwa ndi manambala. Palibe amene amaphatikiza manambala a foni, ndiye R isazitenge ngati manambala.

Nkhani ya NA ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa yankho limene mwapatsidwa, loti mungoika na.rm = TRUE, ndi loona koma ndi theka chabe. NA amatanthauza kuti sitikudziwa. Mwa anthu khumi, mmodzi akakhala kuti zokolola zake sizikudziwika, avereji ya onse khumi siingadziwike, n'chifukwa chake mean() imabweza NA. Mukaika na.rm = TRUE mwaiuza kuti isiye osadziwikawo. Chabwino, koma ndi angati? Lembani sum(is.na(minda$matumba)). Akakhala 5 mwa 1,000 palibe nkhawa kwenikweni. Akakhala 300, ndipo ambiri ndi a boma limodzi kapena a wofunsa mafunso mmodzi, ndiye kuti avereji yanu ikunena za anthu ena osati amene mukuwaganizira, ndipo lipoti lanu liyenera kunena zimenezo poyera.

Mwina mwaona kuti pa khodi ya pamwamba ija sindinaike na.rm = TRUE mu sum(). Ndinachita dala. Banja likakhala ndi munda umodzi ndipo matumba ake ndi NA, sum(matumba, na.rm = TRUE) imabweza 0. Taganizirani. Munthu amene anangoti sindikukumbukira wasanduka munthu amene sanakolole kalikonse, ndipo pa tebulo lanu la njala alowa m'gulu la ovutikitsitsa. Kusakolola, kusadziwa ndi kusalima ndi zinthu zitatu zosiyana. Woyamba ndi 0, wachiwiri ndi NA, wachitatu ndi uja left_join() imupatse NA chifukwa alibe mzere mu fayilo ya minda. Wachitatuyu mumuzindikira poona kuti minda_ingati yakenso ndi NA, ndipo mwini kafukufuku ndinu amene mugamule chochita naye.

NA amabisalanso posefa. Mukalemba mabanja[mabanja$zaka > 60, ] mudzaona mizere ya NA yokhayokha itatulukira, imene mu data yanu mulibe. Imeneyo ndi ya anthu amene zaka zawo sizikudziwika. Pomwe filter() ya dplyr imachita mosiyana, imawataya osanena. Choncho filter(boma != "Dowa") ichotsa a ku Dowa pamodzi ndi onse amene boma lawo silinalembedwe. Nayonso table() siwerenga NA pokhapokha mutaika useNA = "ifany". Ndipo kulemba zaka == NA sikugwira ntchito, muzigwiritsa is.na(zaka). Muonenso ngati fomu yanu inkalemba 99, 999 kapena -99 munthu akati sakudziwa. Kwa R, 999 ndi matumba 999 enieni, ndipo banja limodzi lotero likhoza kukweza avereji ya mudzi wonse. summary() imawaulula msanga mukayang'ana nambala yaikulu ndi yaing'ono, kenako na_if(matumba, 999) imawasandutsa NA.

Pali msampha wina umene unandigwira ine zaka zapitazo, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwawa chifukwa tebulolo linali litapita kale kwa eni ntchito. Pa kolamu ya matumba, wofunsa mafunso mmodzi analemba kuti "5 ndi theka". Selo imodzi yokhayo inachititsa kuti kolamu yonse iwerengedwe ngati mawu, ndipo nthawi imeneyo read.csv() inkasandutsa mawu kukhala factor, kolamu ya magulu imene R imasunga mobisa ngati manambala 1, 2, 3. Ine ndinangolemba as.numeric() n'kupitirira. Manambala anatuluka, avereji inaoneka yomveka, uthenga wofiira kunalibe. Anandidzutsa ndi mnzanga wina amene anayenda m'midzimo. Analoza mzere umodzi n'kunena kuti, bambo awa ndinalowa m'nkhokwe mwawo, sangakhale ndi matumba ochepa chonchi. Titatulutsa fomu yapepala tinapeza 30. Yesani nokha ichi:

as.numeric(factor(c("12", "5", "30")))

Mupeza 1, 3, 2. R imandandalika mawuwo motsatira zilembo, "12" kenako "30" kenako "5", n'kukupatsani malo a chilichonse pa mndandandawo. Wa matumba 30 wasanduka 2, wa matumba 5 wasanduka 3. Kuyambira pa R 4.0.0, imene inatuluka mu April 2020, read.csv() inasiya kupanga factor yokha, koma factor mudzakumana nayobe, makamaka mukatenga fayilo ya Stata kapena SPSS ndi pakeji ya haven n'kugwiritsa as_factor(). Njira yotetezeka ndi as.numeric(as.character(x)). Ikakuchenjezani kuti "NAs introduced by coercion", musanyalanyaze, ikukuuzani kuti penapake pali "5 ndi theka" wanu. Mupezeni. Ndiponso mukangowerenga fayilo iliyonse lembani str() kapena glimpse() muone kuti kolamu iliyonse yalowa ngati chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako ndi kwa mphindi imodzi yokha.

Muli pomwepo, onaninso muyezo. Kumudzi wina amayankha m'matumba a makilogalamu 50, wina m'ngolo, wina m'ndowa. Ngati fomu yanu inali ndi kolamu ya muyezo, simungaphatikize manambalawo musanawasandutse onse kukhala makilogalamu. Ngolo 2 ndi matumba 2 pa kompyuta zimaoneka zofanana.

Za Nkhotakota katatu n'zosavuta. Kwa R, "Nkhotakota", "Nkhota-kota" ndi "nkhotakota " wokhala ndi kampata kumapeto ndi maboma atatu. count(mabanja, boma) ikuonetsani kalembedwe konse kamene kalipo. trimws() imachotsa timipata, tolower() imafananitsa zilembo, ndipo zotsalazo muzikonze ndi case_when(). Muyenera kutsala ndi mayina atatu, monga mmene data ya dziko lonse iyenera kutsala ndi maboma 28.

Masiku simunawafunse koma akudikirani kutsogoloku. as.Date("03/04/2023") ikupatsani 20 April wa chaka cha 3, chifukwa R imayembekezera kuti chaka chili koyambirira. Muziiuza kalembedwe kanu ndi format = "%d/%m/%Y". Mukaona tsiku lochokera mu Excel likuoneka ngati 45000, as.Date(45000, origin = "1899-12-30") ilibweza kukhala 15 March 2023.

Mwafunsanso ngati kuli bwino kuphunzira dplyr kapena R yopanda mapakeji. Ine ndingati pa ntchito ngati yanuyi yambani ndi dplyr. Hadley Wickham anaitulutsa mu 2014, khodi yake imawerengeka ngati ziganizo, ndipo imadandaula msanga pamene merge() ikanangokhala chete. Koma mabulaketi a [ , ] ndi chizindikiro cha $ muwadziwebe, chifukwa mayankho ambiri akale a pa intaneti analembedwa motero.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'choti musakonze zolakwikazi ndi manja mu Excel. Ndikudziwa kuti zimakopa, kungodina selo n'kusintha Nkhota-kota. Koma pakatha miyezi itatu supavaiza wanu adzafunsa kuti mabanja osowa aja anapita kuti, ndipo simudzakumbukira. Fayilo yochokera kumudzi muisunge osaikhudza. Kukonza kulikonse kulembedwe mu script, ndi kamzere koyamba ndi # kofotokoza chifukwa chake, ngakhale m'Chichewa momwemu.

Mukayesa izi, tumizani pano zimene zatuluka pa str(mabanja), str(minda), sum(duplicated(mabanja$hhid)) ndi nrow() ya anti_join ija. Muchotse kaye makolamu a mayina a anthu, manambala a foni ndi GPS, chifukwa str() imaonetsa zoyambirira za kolamu iliyonse ndipo gulu lino lili ndi anthu ambiri. Madzulo ano magetsi akakhalapo ndikhala pa kompyuta, tidzaone limodzi ngati ndi maziro aja.