Mausi ndi kiyibodi zosewerera magemu: kodi zolimba ndi za kampani iti?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino pamodzi ndi mayankho amene ena apereka kale. Mwanena kuti mausi imene munagula chaka chatha yayamba kudina kawiri mukaidina kamodzi, kiyibodi nayo zilembo zina zafufutika, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi Logitech, Razer, Redragon kapena kampani ina imene katundu wake amakhalitsa, kuti ndalama zanu zisalowenso m'madzi. Ambiri akuyankhani ndi dzina limodzi basi, aliyense kutchula kampani imene amaikonda. Ine ndikuona kuti dzina lokha silingakuthandizeni, chifukwa kampani imodzi yomweyo imapanga katundu wolimba ndi wosalimba, komanso tizipangizo timene timayamba kufa nthawi zambiri sitipangidwa n'komwe ndi kampani imene dzina lake lalembedwa pamwamba.

Tiyambe ndi vuto la mausi yanu, popeza ndi limene limapha mausi zambiri za magemu. Pansi pa batani lililonse pali kabokosi kakang'ono kotchedwa switchi, ndipo pamwamba pake pali kansonga kamene batani limakanikiza. M'kati mwa kabokosiko muli kachitsulo kopyapyala kamene kamagunda kanzake mukadina, magetsi n'kudutsa. Kachitsuloko kakagunda sikakhazikika nthawi yomweyo, kamayamba kanjenjemera kaye kwa kanthawi kochepa zedi, n'chifukwa chake mausi inakonzedwa kuti izidikira pang'ono isanauze kompyuta kuti mwadina. M'kupita kwa nthawi, pamene tizitsuloti timakumana pamachita dzimbiri losaoneka ndi maso, kachitsulo nako kamatopa, kunjenjemera kuja kumatalika mpaka kupitirira nthawi imene mausi imadikira, ndipo kompyuta imawerenga kawiri. Nthawi zina vutoli limabwera mwa mtundu wina: mwagwira batani osalisiya, koma chimene mumakoka chikugwera panjira, kapena mfuti ya m'gemu ikusiya yokha kuwomba. Mausi za magemu zimadwala msanga matendawa chifukwa opanga amafupikitsa nthawi yodikira ija kuti mausi iziyankha mofulumira, ndiponso zambiri za masiku ano zimayenda ndi magetsi ochepa kwambiri, osakwanira kudutsa bwino pamalo pamene pachita dzimbiri.

Kwa zaka zambiri makampani akuluakulu ankagula maswitchi amenewa kwa Omron, kampani ya ku Japan, ndipo n'chifukwa chake dandaulo la kudina kawiri linamveka padziko lonse pa mausi za mayina osiyanasiyana, zodula ndi zotchipa zomwe. Pabokosi mudzaona atalemba kuti switchi ingadinidwe ka 20 miliyoni kapena ka 50 miliyoni. Nambala imeneyi muitenge mosamala, chifukwa imapezeka poyesa ndi makina m'chipinda chaukhondo, osati m'nyumba za kuno ku Zomba. Kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo chinyontho chimachuluka, ndipo amene amakhala kufupi ndi phiri akudziwa kuti ngakhale nsapato zimachita nkhungu m'chipinda. Mvula ikatha, mu Sepitembala ndi Okutobala kumabwera fumbi, makamaka kwa ife okhala m'mbali mwa misewu ya dothi ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Chikanda. Chinyontho ndi fumbi zikakumana pa kachitsulo kaja, nambala ya pabokosi ilibenso ntchito.

Pali njira ziwiri zothanirana ndi zimenezi. Yoyamba ndi kugula mausi imene switchi yake imagwira ntchito ndi kuwala m'malo mwa tizitsulo togundana. Razer inayamba kuika maswitchi oterewa mu 2019 pa mausi yake ya Viper, ndipo inati angadinidwe ka 70 miliyoni. Logitech nayo inabweretsa ake otchedwa Lightforce mu 2022 pa G502 X. Popeza chimene chimauza kompyuta kuti mwadina ndi kuwala, dzimbiri silingachititse kudina kawiri, ndipo pa mfundo imeneyi yokha ndinganene mosakayika kuti mausi zotere zimakhalitsa kuposa zakale. Koma muonetsetse mtundu weniweni wa mausiyo, chifukwa makampani omwewa akugulitsabe mausi zotsika mtengo zokhala ndi maswitchi akale a tizitsulo, dzina la pamwamba lili lomwelo.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwambiri kwa ife a kuno, ndi kukonzetsa. Mausi yanu yodina kawiriyo musaitaye. Mukaitembenuza mudzaona timapazi tosalala timene imatsetserekera. Pansi pa timapazito, nthawi zinanso pansi pa kapepala kolembedwa nambala, ndi pamene anabisa masikuluwu. Mukamatula timapazito mosamala ndi kutsegula, mudzapeza switchi ya batani lakumanzere itakhala pa bolodi ndi timiyendo titatu towotcherera. Munthu aliyense wokonza mafoni kapena mawayilesi mumsika wa Zomba ali ndi chowotcherera ndi mtovu, ndipo kuchotsa switchi yakale n'kuika ina ndi ntchito yochepa kwa iye. Ubwino wake ndi wakuti maswitchi a mausi zambiri ndi ofanana kukula ndi miyendo, kaya ndi a Omron, a Huano kapena a Kailh, kotero mukhoza kuchotsa switchi yabwino pa mausi ina yakufa imene inafa ndi chingwe. Ndinaonapo wokonza wina akuchotsa switchi ya batani lakumanja pa mausi yakale ya mu ofesi, poti batani limenelo silidinidwa kawirikawiri, n'kuiika kumanzere kwa mausi ya magemu, ndipo inagwira ntchito ngati yatsopano. Kampani ya ASUS inafika popanga mausi zina za ROG, monga Gladius, zimene switchi yake imangozulidwa ndi kulowetsa ina popanda kuwotcherera, ndipo mukaipeza yoteroyo pa mtengo woti mungakwanitse, ndi yoyenera kuiganizira.

Pambuyo pa switchi, chimene chimatsatira kufa ndi kagudumu ka pakati, kamene kamayamba kubwerera m'mbuyo mukamatsitsa tsamba chifukwa fumbi ndi thukuta zalowa m'kachipangizo kowerenga kuzungulira kwake. Kenako ndi chingwe, chimene chimaduka m'kati pamalo pamene chimatulukira m'mausi, makamaka kwa ophunzira amene amachikulunga mothina pa mausi n'kuponya m'chikwama tsiku lililonse popita ku kalasi. Labala ya m'mbali nayo imamatuka kapena kuyamba kunanda ikakumana ndi thukuta la m'chilimwe, choncho mausi ya pulasitiki yolimba yopanda labala imaoneka bwino nthawi yaitali. Mausi zobowolabowola zopepuka zija zimakoma m'dzanja, koma mabowo amenewo ndi khomo la fumbi ndi nyerere. Sensa ya pansi yoona mmene mausi ikuyendera, imene otsatsa malonda amaikweza kwambiri ndi manambala akuluakulu a DPI (muyeso wa kutalika kumene kamuvi kamayenda pa sikirini mukasuntha mausi), siifa kawirikawiri, ndipo manambalawo sanena kanthu za kulimba. Mukafuna yopanda chingwe, kumbukirani kuti batire lomangiriridwa m'kati limafooka pakapita zaka zochepa, pamene mausi ngati Logitech G305 imayendera batire limodzi la AA, limene kampaniyo imati limatha maola 250, ndipo likatha mumangogula lina pa golosale.

Pa kiyibodi nkhani yaikulu ndi kusiyanitsa mitundu iwiri. Makiyibodi ambiri otchipa amene amagulitsidwa pamodzi ndi mausi, owala mitundumitundu ndi kulembedwa kuti ndi a magemu, m'kati mwake muli chinsalu cha labala chimodzi chokhala ndi timatuza pansi pa batani lililonse. Palibe kusiyana kwenikweni ndi kiyibodi ya mu ofesi, kupatula magetsi owalawo, ndipo kawirikawiri pulasitiki yake imakhala yofewa kuposa ya mu ofesi. Ndikunena mosabisa kuti ngati ndalama zili zochepa, kiyibodi wamba yeniyeni ngati Logitech K120, kapena ya Dell ndi HP zimene zimabwera ndi makompyuta a kaunjika, idzakutumikirani nthawi yaitali kuposa zowalawala zopanda dzina zija. Kuipa kwa mtundu umenewu n'kwakuti malo a batani limodzi akawonongeka, kukonza kwake n'kovuta, ndipo nthawi zambiri mumataya kiyibodi yonse chifukwa cha batani limodzi lokha, monga W kapena A amene mumayendetsera munthu m'gemu.

Mtundu wachiwiri ndi umene batani lililonse lili ndi switchi yakeyake. Amene anatchuka nawo ndi a Cherry a ku Germany, ndi maswitchi awo a MX amene anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Kwa nthawi yaitali ankati angadinidwe ka 50 miliyoni, ndipo ena atsopano amawaika pa 100 miliyoni. Umwini wa kapangidwe kake utatha mphamvu, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anayamba kupanga ofanana nawo, ndipo ndi chimene chinatsitsa mitengo mpaka kiyibodi ngati Redragon K552 kufika poti munthu wamba angaigule. K552 ili ndi chitsulo pansi pa mabatani, siipindika, ndipo pa mtengo wake ndi yolimba ndithu, ngakhale maswitchi a Outemu sasalala ngati a Cherry kapena a Gateron. Corsair K70 ili ndi aluminiyamu pamwamba pake, HyperX Alloy Origins thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo ya HyperX chingwe chake chimazuka, kotero chikaduka mumangogula china cha USB-C.

Komabe maswitchi a kiyibodi nawo amadwala matenda aja a mausi: mwalemba chilembo chimodzi, pakutuluka ziwiri. Apa ndi pamene ndikukulangizani kuti mufunse chinthu chimodzi musanalipire, ngati kiyibodiyo ndi ya hot-swap, kutanthauza kuti switchi imazulidwa ndi kachida kakang'ono n'kulowetsa ina popanda kuwotcherera. Makiyibodi ambiri a Keychron ali ndi mitundu yotere, ena a Redragon nawonso, ngakhale kuti ena mwa a Redragon amalandira maswitchi a Outemu okha. Pa kiyibodi yoteroyo, W akafa usiku mukhoza kuzula switchi ya Scroll Lock kapena Pause, imene simuigwiritsa ntchito, n'kuiika pamenepo, gemu n'kupitirira. Kwa munthu amene ali ku Zomba, kumene zida zosinthira muyenera kuzitumiza kuchokera ku Blantyre kapena kunja, kiyibodi yotchipa yokonzeka chonchi ndimaiika patsogolo pa yodula imene inawotcheredwa yonse.

Zilembo zanu zofufutikazo vuto lake lili pa tizisoti ta mabatani, osati pa kiyibodi yonse. Tizisoti tambiri ndi ta pulasitiki ya ABS yopakidwa penti, ndipo zala zimaipukuta mpaka batani kuyamba kunyezimira, chilembo n'kusowa. Ta pulasitiki ya PBT sitinyezimira msanga, ndipo tolembedwa kuti double-shot chilembo chake ndi pulasitiki ina youmbidwira m'kati, kotero sichingafufutike ngakhale patapita zaka. Ngati pansi pa kasoti pali kamtanda ka mtundu wa Cherry, mukhoza kugula tizisoti tina n'kusintha. Chenjerani ndi makiyibodi akale a Logitech okhala ndi maswitchi a Romer-G, chifukwa tizisoti take n'tosiyana ndi ta ena onse, ndipo makiyibodi akale ena a Razer ndi Corsair mabatani a mzere wa pansi anali a miyeso yawoyawo. Kupeza zosinthira za amenewa kuno n'kovuta kwambiri.

Chinanso chimene chimaipitsa mbiri ya makampani abwino ndi katundu wachinyengo. Mausi zotchuka ngati G102 ndi G502 za Logitech, ndi DeathAdder ya Razer, zili ndi zonamizira zambiri, bokosi lake lokongola mofanana ndi lenileni. Mukamagula, pitani ndi laputopu imene mwaikamo kale pulogalamu ya G HUB ngati ndi Logitech, kapena Synapse ngati ndi Razer, ndipo mulumikize mausiyo pamaso pa wogulitsa. Ngati pulogalamuyo sikuizindikira, bwezani pomwepo. Onaninso ngati nambala ya pabokosi ikufanana ndi ya pansi pa mausi. Logitech ndi Razer amapereka waranti ya zaka ziwiri pa mausi zawo za magemu, koma imafuna lisiti la wogulitsa wovomerezeka, ndipo ngati katunduyo anakubweretserani m'bale wanu kuchokera ku Johannesburg, ndalama yomubwezera kumeneko ikhoza kuposa mtengo wake. Choncho chimene chingakutetezeni kwenikweni ndi lisiti la sitolo imene mwagulako, lolembedwa masiku amene angakusinthireni katunduyo akavuta.

Kasamalidwe nako kamatalikitsa moyo wa zipangizozi kuposa mmene ambiri timaganizira. Mukamaliza kusewera, fundikani kiyibodi ndi kansalu koyera, ndipo musadye chipisi kapena mandasi dzanja lili pa mausi, chifukwa mafutawo ndi amene amagwira fumbi m'kagudumu. Kamodzikamodzi zulani tizisoti n'kusesa ndi kaburashi kouma. Switchi ikangoyamba kuvuta, kadontho ka isopropyl, imene okonza mafoni amatsukira mabolodi, kamathandiza kwa kanthawi mukadontheza chingwe chili chozula n'kudikira kuti paume, koma musayerekeze kuthiramo madzi kapena mafuta a mtundu uliwonse.

Mutatiuza kuti mausi yanuyo ndi ya mtundu wanji, ndipo mutajambula pansi pake ndi kuika chithunzicho pano, tikhoza kukuuzani pamene pali masikuluwu ndiponso ngati switchi yake ndi ya miyendo itatu ija, kuti mupite nayo kwa wokonza musanaganize zogula ina.