Pezani polowera madziwo musanagule pampu ina

Achimwene, mwati boti lanu la matanga, la fiberglass, limagona pa nangula ku Senga Bay, ndipo mukakapa madzi pansi mu bilge (malo otsika kwambiri m'kati mwa boti), pakatha sabata mumapeza abweranso, ndiye mukufunsa ngati mugule pampu yaikulu. Pampu idikire kaye. Pamene mwawapeza madziwo si pamene alowera. Amayenda mobisala kuseri kwa makabati ndi pansi pa matabwa mpaka akafike potsika kwambiri, mwina mamita atatu kuchoka pakhomo pawo.

Anzathu a ku Durban kapena Cape Town amangoviika chala n'kulawa: amchere ndi a m'nyanja, opanda mchere ndi a mvula kapena a m'thanki. Kwathu kuno lilime silithandiza, onse kukoma n'kumodzi. Ndiponso musalawe a pansi pa injini, coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) ndi poizoni. Chomwe chingatiuze zoona ndi nthawi imene madziwo amabwera.

Kapani, kenako pukutani ndi siponji mpaka pouma gwa. Tsekani ndi nsanza timabowo todutsitsa madzi pakati pa zigawo za pansi kuti chigawo chilichonse chisunge ake, koma mukatha mudzatsegule. Wazani paudala wa ana m'makoma a m'kati ndi kuzungulira chitsulo chilichonse choboola boti. Madzi akadutsa amasiya kanjira koonekera, inu n'kukatsata ndi tochi chokwera mpaka pamene kayambira. Muzilemba m'kope tsiku, malita amene mwakapa, ngati kunagwa mvula, ngati injini inalira, ngati munayenda pa mafunde. Musaderere dontho: limodzi pa sekondi limakwana malita oposa 4 pa tsiku.

Madzi akamabwera boti lili chiimire, kunja kuli ng'amba, ndiye kuti akulowera pansi pa mzere wa madzi, ndipo apa mpamene simuyenera kugona tulo. Yambirani pa stern gland, pamene shafiti imatulukira. Ya mtundu wa chingwe chopanikiza imayenera kudontha pang'ono shafiti ikamazungulira, madontho awiri kapena atatu pa mphindi, n'kuleka kapena kutsala pang'ono kuleka injini ikazima. Ikamachucha, masulani nati yotsekera, mangani yaikuluyo pang'onopang'ono, yendetsani injini, ikani dzanja. Pakatentha moti simungagwire, mwamangitsa, ndipo chingwe chipsa n'kudya shafiti. Nati ikafika pamapeto koma madzi osaleka, chingwe chatha, sinthani. Mukatero pukutani seacock (vavu yotsekera paipi yoboola boti pansi pa madzi) iliyonse n'kukulunga tishu patsinde pake ndi pamene paipi yalumikizidwa. Klampu yooneka yonyezimira pamwamba imadyeka kunsi, choncho iyang'aneni ndi kagalasi. Paipi iliyonse ya pansi pa madzi ikhale ndi maklampu awiri a stainless ngati malo alipo. Pa mabawuti a keel (chitsulo cholemera cha kunsi kwa boti), mukaona mzere wa dzimbiri kapena kang'alu kozungulira washala, makamaka ngati boti linakhulako mwala, musamate kanthu m'kati. Litulutseni kumtunda liunikidwe.

Akamabwera mvula ikagwa, mtima ukhaleko pansi, koma konzani msanga. Denga la maboti ambiri lili ndi thabwa lofewa la balsa kapena plywood pakati, ndipo likamwa madzi limaola mwakachetechete. Okayikitsa ndi ma chainplate (zitsulo zomangapo mawaya ogwira mlongoti), matsinde a zitsulo za mpanda, mawindo, ma hatch (zitseko za padenga), ndi pamene mlongoti waboola denga. Mmodzi akhale m'kati ndi tochi, wina kunja athire madzi malo amodzi kwa mphindi 10 mpaka 15, kuyambira m'munsi kumakwera. Mukayambira pamwamba paliponse panyowa, simudziwa wolakwa. Mukapapeza, musapake silicone pamwamba, sikhalitsa ndipo imaletsa zomatira zina kugwira. Masulani chitsulocho, palani zakale, umitsani, muikenso ndi zomatira za butyl tape kapena Sikaflex 291.

Madzi akamabwera pokhapokha injini ikalira, onani kabowo ka pansi pa pampu yokoka madzi a m'nyanja: kakamadontha, seal yake yotchinga madzi yatha. Paipi ya ekizozi nayo imang'ambika mopindika. Madzi akakhala obiriwira kapena apinki, oterera m'zala, ndi coolant.

Pali ena ovuta kuwagwira, obwera mukayenda pa mwera boti litapendekeka. Potulukira pa pampu ya bilge pakamira, paipi yomweyo imakoka madzi kubwerera m'kati, choncho iyenera kukwera pamwamba ndithu, pakhalenso vented loop, kavavu kolowetsa mpweya pamwamba pa paipiyo kuti isakoke madzi. Onaninso msoko wa denga ndi thupi la boti, pamwamba pa mtengo wa chiwongolero, ndi kabowo kotayira madzi m'bokosi la nangula, kamene kamatsekeka ndi mchenga ndi matope.

Thanki ya madzi akumwa njosavuta: thiranimo utoto wa keke pang'ono, mawa muone mtundu wa madzi a pansi. Ngati muli ndi pampu ya mpopi ndipo imadzilirira yokha usiku mipopi yonse ili yotseka, pali polumikiza pena pakudontha, yambani kufufuza kunsi kwa sinki.