Tifunseni: Ntchito za ku London zogwirira ku Johannesburg

Funso: Mphwanga wapeza ntchito pa call centre ina ku Randburg, koma akuti oimba mafoniwo ndi a ku England. Kodi kwawoko asowa anthu? Nanga ntchitoyi ndi yokhalitsa? – Bambo wa ku Rosettenville

Yankho: Bambo, anthu ali nawo, koma malipiro a munthu mmodzi ku Manchester ndi okwera kwambiri poyerekeza ndi a kuno. N’chifukwa chake makampani amapereka ntchito zina, monga kuyankha makasitomala, kutsata ngongole ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta, kwa makampani a m’maiko ena. India idatchuka nazo kalekale kudzera m’makampani ngati Infosys ndi Wipro. South Africa nayo ikufuna gawo lake: mu Novembala 2021 boma ndi bungwe la makampani a ntchito zoterezi la BPESA adasainirana dongosolo lofuna ntchito 500,000 pofika 2030.

Chimene chimakoka a ku England ndi nthawi. London imatsalira ndi ola limodzi m’nyengo yawo yotentha, ndi maola awiri m’nyengo yozizira, choncho mphwanuyo amagwira masana, pamene mnzake wa ku Manila, ku Philippines, amachezera usiku. Chinthu china ndi zingwe za intaneti za pansi pa nyanja zimene zidafika ku magombe a South Africa: SEACOM idafika ku Mtunzini mu 2009, WACS ku Yzerfontein mu 2011, ndipo Equiano ku Melkbosstrand mu 2022.

Za kukhalitsa, tisakunamizeni. Mafunso ophweka, monga “ndaiwala password”, akutengedwa ndi makina a AI, otsanzira nzeru za munthu. Muuzeni asakhazikike pa foni chabe. Aphunzire kuthetsa mavuto a kompyuta kapena kuyang’anira gulu, chifukwa ntchito zofuna kuganiza ndi zimene zikutsalira anthu.

Funso: Ndimakhala m’kachipinda ka kuseri ku Cosmo City. Kampani ina yati ndingagwirire kunyumba. Ndikonze chiyani kuti asandichotse mwezi woyamba? – Chemwali wa ku Cosmo City

Yankho: Chemwali, yambani ndi intaneti, ndipo musakopeke ndi liwiro lolembedwa pa chikwangwani. Foni imodzi ya pa intaneti siifuna liwiro lalikulu: siifika ngakhale 100 kbps. Chimene chimaononga ndi kuchedwa kwa mawu. Mawu akamatenga nthawi yoposa 150 ms (masekondi 0.15) kuti afike kwa mnzanu, mumayamba kudulana pakamwa, kasitomala n’kumaona ngati ndinu wamwano. Ulendo wa ku London wokha umadya kale gawo lalikulu la nthawi imeneyi, ndiye musawonjezere kuchedwa kwina m’nyumba. Pezani fibre (intaneti yobwera pa chingwe mpaka m’nyumba), ndipo kompyuta ilumikizidwe ku router (kabokosi kogawa intaneti) ndi chingwe, osati Wi-Fi yogawana ndi bwalo lonse. Madzulo anthu akayamba kuonera mpira pa mafoni, mawu anu amaduka-duka.

Chachiwiri ndi magetsi. Apa ambiri amalakwitsa: amagula ka UPS (kabatire kosungira magetsi) ka router n’kuiwala kabokosi ka fibre ka pakhoma. Magetsi akazima router imayakabe bwinobwino, koma intaneti palibe. UPS idyetse zonse ziwiri, ndipo yang’anani mphamvu yolembedwa pa pulagi iliyonse, kaya ndi 9V kapena 12V, musanalumikize. Iyeseni Lamlungu: zimitsani magetsi nokha, muwerenge maola amene ipirire.

Headset (chomvera cha m’makutu chokhala ndi maikolofoni) ikhale ya USB yochotsa phokoso. Tikudziwa mmene zipinda za kuseri zimakhalira: wailesi ya aneba, ana pabwalo, hutala ya takisi. Ikani thebulo kutali ndi chitseko ndipo pachikani bulangete pakhoma kuti mawu asamveke ngati muli mu dramu.

Koma chochotsetsa ntchito msanga si phokoso. Ndi chinsinsi cha kasitomala. Lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, la POPIA, lidayamba kuluma pa 1 Julaye 2021, ndipo a ku Ulaya ali ndi lawo la GDPR. Kulemba nambala ya khadi ya munthu papepala, kujambula sikirini ndi foni, kapena kubwereka mlamu wanu kompyuta ya ntchito kungachititse kuti kampani yonse ilandidwe kontilakiti. Funsaninso maola musanasaine: makasitomala akakhala a ku New York, mudzaweruka cha m’ma 11 koloko usiku kapena pakati pa usiku. Ndipo mapepala anu okhalira ndi kugwirira ntchito kuno akhale olongosoka, poti makampani amenewa amafufuza mbiri ya wantchito aliyense.

Funso: Bwanji ntchito zoterezi sizifika ku Lilongwe, pamene Chingerezi timachidziwa? – Wowerenga wa ku Tembisa

Yankho: Nthawi ya kwathu ndi yofanana ndi ya kuno, ndipo achinyamata ophunzira alipo ambiri. Chimatipinga ndi chakuti Malawi alibe gombe la nyanja yaikulu, choncho intaneti imadzera m’maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti idavuta kwathu konse. Magetsi nawonso: namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Kasitomala wa ku London amafuna kontilakiti yotsimikiza kuti foni iziyankhidwa tsiku lililonse. Ife tikuona kuti poyambira pabwino ndi ntchito zosadalira foni yamoyo, monga kulemba mapulogalamu ndi kusunga mabuku a ndalama, chifukwa intaneti ikaduka kwa ola limodzi, ntchitoyo imatumizidwabe madzulo.