Mankhwala awawumitsa thupi achimwene, tiwasiyitse?

FUNSO: Adokotala, achimwene anga anayamba kudwala mutu miyezi itatu yapitayo, kumayankhula okha, kumva mawu a anthu oti palibe, usiku osagona. Kuchipatala anawapatsa haloperidol nde zija zinasiya, koma pano thupi lawauma, akumayenda mokhwekhwereza mapazi ngati nkhalamba, manja kunjenjemera moti kapu ya madzi imafika pakamwa theka litatayikira pa malaya, dovu kumangotuluka. Amayi akuti mapilisiwa ndi amene akutiphera mwana, tiwasiyitse poti matenda aja anatha kale. Ine mtima uli pawiri, nditani?
Mlongo wodandaula

YANKHO: Achemwali, chonde musawasiyitse panokha. Ndipo amayi musawanyoze ayi, zomwe akuonazo nzoona, ndi mankhwalawo akuchita zimenezo ndipo kholo lililonse zingaliwawe kuona mwana wake akudontha dovu.

Chikuchitika nchakuti haloperidol amagwira ntchito potchinga dopamine, kemikolo yonyamula mauthenga muubongo, ndiye mawu ankamva aja anazilala. Koma dopamine yemweyo ndi amenenso amapangitsa kuti minofu izifewa munthu akamayenda, nde akatchingidwa kwambiri thupi limauma, manja kunjenjemera, nkhope kungoti duu ngati munthu wakwiya pomwe sanakwiye. Sikuti ubongo waonongeka, ndipo izi zimakonzeka. Dokotala akhoza kutsitsa dozi, kapena kuonjezera kapilisi kotchedwa trihexyphenidyl, ena amati benzhexol kapena Artane, kamene kamamasula thupi, kapena kuwasinthira ku mankhwala ena monga risperidone kapena olanzapine. Awanso ali ndi zawo, makamaka olanzapine amapatsa njala ndi kunenepetsa moti pamafunika kumayezetsa sikelo ndi shuga, koma pa nkhani youma thupiyi amakhala ndi nkhanza zochepa.

Musadikire deti imene anakulemberani, pitani sabata yomwe ino mutanyamula mapilisiwo. Mukakalowa musakangoti "sakupeza bwino" basi, mukanene ngati mmene mwandilembera ine, za kapu ija, za mapazi, zinayamba liti. Ndipo muwalole achimwenewo ayankhule okha, mwini thupi ndi iwowo, pali zina sangakuuzeni inu mlongo wawo koma dokotala angamuuze, monga kufooka kwa mphamvu za m'banja, zimene zimasiyitsa anthu ambiri mankhwala mwakachetechete.

Chimene chimandimvetsa chisoni nchakuti munthu akasiya mapilisi masiku oyamba amaoneka ngati wachira, thupi lamasuka, akuseka, aliyense nkumati mwaona tinanena. Kenako pakapita masabata kapena miyezi tulo timayamba kusowa, mawu aja nkubwerera, ndipo kudzawakhazikanso mtima pansi kumavuta kuposa poyamba. Munthu amene wadwala koyamba amayenera kupitiriza kumwa osachepera miyezi 12 zizindikiro zitatha, ndipo posiya amatsitsa pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira.

Koma izi musagone nazo: khosi likapindika, maso kutembenukira m'mwamba, lilime kutuluka kapena kulephera kumeza, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi thupi likatentha kwambiri atauma gwaa, thukuta kamukamu, mutu wabalalika, apo musawapatse pilisi lina, ndi nkhani ya moyo imeneyo. Mukaonanso akulephera kukhala pansi, kungozungulira miyendo yosakhazikika, musathamangire kuti matenda abwerera nkuwaonjezera dozi, kawirikawiri amakhala mankhwala omwewo. Mowa ndi chamba asayandikire.

FUNSO: Ndamwa fluoxetine masiku 10 chifukwa cha matenda okhumudwa koma palibe chasintha, nseru yokhayokha ndi tulo tovuta. Ndiye kuti sakundiyanja?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, masiku 10 achepa. Mankhwala amenewa amayamba kumveka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ena mpaka asanu ndi limodzi, pomwe nseru imabwera msanga nkutha yokha. Muzimwa m'mawa mutadya kaye, zimathandiza nseruyo komanso tulo. Mukadzapeza bwino musadzasiye pompo, mudzapitirize miyezi ina 6 kapena kuposerapo monga akuuzireni dokotala. Koma maganizo ofuna kudzipha akakubwererani, kapena mukayamba kusakhazikika modabwitsa, uzani munthu amene mumamudalira ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe.